Galimoto Yobadwira ku Nancholi

Tinanyamuka ku Nancholi hafu sikisi m'mawa, galimoto yanga ikukokedwa pa chingwe ndi pikapu ya aneba anga, Che Amidu. Injini inali bwinobwino, koma popanda nambala sindikanailiza pamsewu.

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Galimotoyi ndinaipanga ndekha kwa zaka ziwiri: injini ya kagalimoto kena kakufa, thupi la mapaipi ndi malata, ndi chitseko chachikulu kumbuyo cholowetsera njinga ya akazi anga, amene sayenda chidwalireni sitiroko. Ndinatopa ndi makondakitala otisiya pasiteji akaona njingayo.

Ku Sunnyside alonda a pamageti anaimirira kutiyang'ana. Tikulowa m'tauni, woitanira minibasi wina anakuwa, "Bwana, ndegeyo yagwera kuti?" Ndinaseka nawo, poti mtima unali udakali m'malo.

Pa ofesi yolembetsa magalimoto ndinaima pamzere kuyambira eyiti mpaka teni. Bambo wa pawindo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mapepala olowera m'dziko muno ali kuti?"

"Sinalowe, bwana. Ndinaipanga ndekha."

"Ndi ya mtundu wanji? Kompyuta ikufuna dzina la kampani ndi nambala ya chasisi."

"Ili panjapa. Tiyeni mukaione."

"Ine sindiona magalimoto, ndimaona mapepala."

Ananditumiza ku Limbe kuti apolisi akatsimikize kuti injini si yakuba. Tinakwera mtunda wonse wa Chichiri chingwe chikulira, apambuyo akutiimbira mahutala. Ku Limbeko anawerenga nambala ya injini n'kudinda pepala, koma za chasisi anati ndibwerere komwe ndachokera.

Masana tinadya tchipisi cha pachiwaya, K2,500 mbale. Tili pakati pakudya panafika dobadoba wina wa jekete lonyezimira.

"Madala, musavutike. Ndili ndi mapepala a galimoto ina inachita ngozi. Tingodinda nambala yake pa yanuyi, mawa muli pamsewu."

Zaka ziwiri ndikupsa manja, lero ntchito yanga iyende ndi dzina la galimoto yakufa? Che Amidu anamuuza mwaulemu kuti apitirize ulendo wake.

Itakwana fili koloko tinali titabwerera ku ofesi ija. Ulendo uno ndinakana kuchoka pawindo mpaka anaitana mayi wina woyeza magalimoto. Mayiyo anavala ovolosi, nalowa kunsi ndi tochi, naponda mabuleki, nagwedeza chiwongolero.

"Mwawotcherera bwino, bambo," anatero potuluka. "Koma magalasiwa ndi a mawindo a nyumba, pangozi angakuchekeni. Ikani a galimoto, ikani malamba a m'mipando, mupezenso kalata ya injiniya. Mukatero tidzakupatsani nambala ya chasisi yanuyanu."

Za magalasizo ananena zoona, ndipo ndinachita manyazi. Koma mawu amenewa anatenga mphindi zisanu. A pa ofesiyi analephera chiyani kundiuza m'mawa?

Pobwerera, pafupi ndi msika wa Blantyre, inatipitirira minibasi yodzaza anthu, chitseko chomanga ndi waya, utsi uli tolotolo, nambala zili mbee kutsogolo ndi kumbuyo. Ine ndinali pambuyo pa chingwe ngati mbuzi yopita kumsika.

Tinafika ku Nancholi faifi koloko. Ndinaphunzira kuti kwathu kuno chinthu chochokera kunja chimafika ndi dzina, koma chopangidwa ndi manja athu chiyenera kuyamba chapepesa. M'mawa mwake ndinagulula magalasi onse anayi.