Laputopu ya a Lefina Idzukanso

Ku Chulu mukafunsa za mayi wojambula nyimbo zamakwaya, aliyense akulozerani kanjira kodutsa m'minda ya fodya kokafika kwa a Lefina. Ndi mlimi ngati anzawo: fodya, chimanga, ndi kamunda ka mtedza kamene amati n'kawokawo. Bambo awo anali Mtumbuka wa cha ku Nkhamenya, mayi awo Mchewa, motero anakula akuimba m'zilankhulo zonse ziwiri, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya pampingo pawo. Nyengo ina yosankha fodya chifuwa chinawagwira koopsa. Chinapola, koma mawu anatsala osasa. Kuimba anasiya, koma kukwaya sanasiye kupita.

Chaka chomwecho mlongo wawo Wakisa, pobwerera ku Joni, anawasiyira laputopu yakale, yakuda, yolemera ngati njerwa, pamodzi ndi maikolofoni. Anawaonetsa pojambulira mawu, n'kunyamuka. Zotsalazo a Lefina anaphunzira okha, molakwitsalakwitsa. Ataona kuti m'tchalitchi malata amabweza mawu, anakhoma ziguduli m'makoma a chipinda chosungiramo mabelo a fodya, n'kumaitanira kwaya m'menemo. Oimba ankatuluka akununkha fodya, koma nyimbo zinkamveka bwino zedi.

Ntchito imene inawakhala pamtima inali ya a Mphepo, nkhalamba imene inapeka nyimbo zambiri za kwayayo. Mkuluyo atayamba kufooka, a Lefina ankapita kwawo masana, laputopu atabereka kumbuyo, kukajambula nyimbo zake zatsopano zimene anali asanaphunzitse munthu. Iye ankaimba yekha mawu onse, a amayi ndi a abambo omwe, akupumira m'njira. Anamwalira mvula isanagwe. Kwaya inagwirizana kuti ikamaliza kukolola idzaphunzire nyimbozo n'kuzitumiza ku wailesi.

Fodya ali m'chigafa, laputopu inayamba kudwala. Poyaka inkachedwa moti munthu n'kutha kusesa bwalo lonse. Kenako m'kati mwake munayamba kulira kaphokoso, tcha, tcha, tcha, ndipo nyimbo inkangoima pakati. Tsiku lina inakaniratu kuonetsa chilichonse.

Amuna awo, a Yakobe, sanakalipe. Anangoti chinthu chikakalamba chakalamba, adikire fodya akagulitsidwe ku okushoni adzaone ngati angapeze ina. Ena a m'kwaya anati masiku ano foni nayo imajambula, palibe chodzivutitsira. A Lefina anamvetsera onsewo. Ankadziwa okha kuti batire linafa kalekale ndipo chivindikiro anachita kumanga ndi mphira. Koma laputopu yatsopano sikanabwera ndi a Mphepo m'kati. Anagulitsa mtedza wawo, anakulunga laputopu m'chitenje, n'kukwera galimoto ya ku boma.

Kumeneko anawalozera kwa Gladness, mtsikana wokonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu ka kuseri kwa msika. Iye anaiyatsa, anaika khutu, n'kuizimitsa msanga. Anafotokoza kuti chimene chikulira ndi hadi disiki, kabokosi kosunga zonse zimene zinajambulidwa, ndipo kuyatsa kulikonse kukuipha. Anati china chilichonse m'katimo n'chokalamba koma chamoyo.

"Mwana wanga, undiuze zoona," anatero a Lefina. "Ndikonze, kapena ndiitaye?"

"Amayi, sindikunamizani kuti idzakhala yatsopano. Ndikaika disiki ina, igwira ntchito yanuyi mwina zaka zingapo, ndipo izithamanga kuposa kale. Koma za nyimbo zili m'yakaleyi sindingalonjeze. Tiyesa."

A Lefina anati ayese. Gladness anamasula timasikulu, natulutsa kabokosi kochepa ngati sopo wosambira, n'kukalumikiza ku kompyuta yake. Nyimbo zinayamba kuwoloka pang'onopang'ono. Kabokosiko kakatentha kankaima, iye n'kukapumitsa, kenako n'kuyambiranso. A Lefina anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Gladness anawagulira chinangwa chootcha koma chinazizirira m'manja. Nthawi iliyonse phokoso lija likamveka, ankatseka maso n'kupemphera chamumtima.

Sizonse zinapulumuka. Nyimbo za paukwati wa mwana wawo Luntha zinapita, ndipo atamva zimenezo misozi inalengeza. Koma Gladness atatsegula za a Mphepo, mawu a nkhalambayo anadzaza kashopu konse, mpaka wogulitsa nsapato pafupi anasuzumira kufunsa kuti akuimbayo ndani. Zonse zinalipo, kupatula imodzi ya m'Chitumbuka imene inkadukira pakati. Disiki yatsopano italowa, laputopu inayaka a Lefina asanamalize n'kukonza mpango kumutu. Anaseka mokweza, nagwira dzanja la mtsikanayo ndi manja awiri. "Yewo chomene," anatero, Chichewa chitawathawa. Gladness anawaikira nyimbo zonse pa fulashi, n'kuwalangiza kuti chilichonse azichisunga pawiri.

Atafika kumudzi, kwaya inayamba kuphunzira. Pofika pa nyimbo yoduka ija, ena anati angoisiya. A Lefina anakana. Iwo okha ndiwo anaimva yonse tsiku limene inkajambulidwa, ndipo inali ikadali m'mutu mwawo. Anaimirira kutsogolo, koyamba chisiyireni kuimba, n'kuyamba kuitchula ndi mawu awo osasawo, dzanja likumenya patebulo. Oimba anachita kusendera pafupi kuti amve. Amayi anaigwira, abambo anatsatira, ndipo pobwereza kachitatu nyimbo inaima yokha. Anagwirizana kuti pojambula, mbali yoyamba akhale mawu a mwini wake, kwaya idzalandire pamene iye anadukira.

Nyimbozo zitajambulidwa n'kutumizidwa, wailesi ya m'deralo inaziulutsa Lamulungu lina masana. Anthu anadzaza pabwalo la a Lefina, ena atakhala pa ngolo, ena pa njinga zawo. A Mphepo atayamba kuimba, mkazi wawo wamasiye anaphimba nkhope ndi chitenje. Kwaya italandira, anachichotsa, naimirira, n'kuyamba kuvina pang'onopang'ono, amayi onse n'kumutsatira ndi nthungululu. Muulutsi atatchula dzina la wojambula, a Yakobe anayang'ana uku ndi uku ngati atchula iwo.

"Amake Luntha," anatero a Yakobe, anthu atabalalika, "ine ndinalakwa kuiweruza laputopu ija. Batire lija tikagule."

Sabata isanathe foni inayamba kulira. Kwaya ya ku Chisemphere inkafuna kujambulidwa, ya Akatolika ku Nkhamenya nayonso, ndiponso gulu la amayi ovina chimtali limene linati lisatsalire. A Lefina anawauza onse kuti adikire amalize kudinda mabelo. Atamaliza, Loweruka m'mawa ananyamuka ulendo wa ku Chisemphere, a Yakobe akupalasa, iwo ali pakaliyala. Ali m'njira bamboyo anafunsa ngati angaloledwe kugwira maikolofoni. A Lefina anati adzaona akafika, malinga asatsokomole.