NyaZimba ndi lilime la a Mtonga

Amayi Agness Zimba, amene mpingo wonse unkawatcha NyaZimba, anabadwa mu 1952 kwa Kapichila, m'banja la alimi a fodya. Sukulu sanapite nayo patali, koma Baibulo ankaliwerenga mosadodoma. Atakwatiwa ndi a Darius Banda analowa Umanyano, gulu la amayi a mpingo wathu, ndipo sanatulukemo mpaka imfa.

Amuna awo atamwalira mu 1986, n'kuwasiyira ana anayi, anapeza ntchito yosesa pa kiliniki ya kumudzi. Dokotala wa pamenepo anali wachikulire, maso atayamba kufooka, choncho ankawaitana kuti agwire tochi iye akamayang'ana m'kamwa mwa odwala. "Mukuona mtundu wanji, amama?" ankafunsa. Umu ndi mmene anaphunzirira. Zoyera zochoka ukapukuta ndi kansalu zimamva jivi, mankhwala apepo aja. Kachilonda kachikasu kowawa kwambiri kamapola kokha, bola kuchukucha madzi a mchere. Koma choyera chokana kuchoka, kapena chofiira chosawawa, chikapitirira masabata awiri n'chofunika chipatala chachikulu msanga.

Edzi itafika, NyaZimba ankayenda m'midzi kupukuta m'kamwa mwa odwala amene abale awo ankaopa kuwakhudza, kuti athe kumeza phala. Zala zawo zinkakhala zapepo chaka chonse. Ena ankapatuka akawaona panjira, poopa manong'onong'o. Zonsezi anazipirira osadandaula.

Chimene chinkawakanika kupirira chinali kuuma mutu. Tisaname pamaso pa Mulungu: NyaZimba sanali munthu wofatsa. Iwo eni ankati, "Ine ndimapempha kuleza mtima, Ambuye amanditumizila anthu osamva."

Wosamva wamkulu anabwera mu 2014, iwo atapuma kale pa ntchito. A Haswell Mtonga, mkulu wa mpingo amene ankayambitsa nyimbo, ankaika fodya m'kamwa kuyambira unyamata wawo. Lamulungu lina atayasama pokweza mawu, NyaZimba, amene ankakhala kutsogolo, anaona banga lofiira m'mbali mwa lilime. Ulaliki wa tsiku limenelo sanaumve n'komwe. Potuluka anawatsekera njira.

"Monile, adada a Mtonga. Yasamani."

"Pakhomo pa tchalitchi, amama? Anthu akuona!"

"Aone. Chayamba liti ichi?"

"Mvula isanagwe. Koma sichiwawa."

"Ndiye chikundiopsa. Chiswe sichilila pakudya denga. Mawa mupite kuchipatala cha ku boma."

A Mtonga anati ali ndi fodya wosankha. Sabata yotsatira anati njinga yaphulika tayala. NyaZimba anapita kunyumba kwawo kasanu, wapansi, ndipo ulendo uliwonse ankapeza mankhwala atsopano: lero uchi, mawa phulusa, tsiku lina muzu wowawa umene anawapatsa mlamu wawo. Banga lija linali likukula.

"Ndipakeni jivi wanuyo tithane," anatero a Mtonga pa ulendo wachinayi.

"Jivi ndi wa zoyela! Ndikakupakani ndibisa mtundu, adokotala akaona chiyani? Munthu wamkulu ngati inu, muli ndi makutu kapena ndi zokongoletsa mutu?"

Lamulungu lotsatira a Mtonga anapemphera pamaso pa mpingo, motalika, kupempherera alongo amene amakhulupirira chipatala kuposa Mlengi. NyaZimba anafika kunyumba n'kutenga khasu kukalima pamalo polima kale. Mwana wawo wamkazi Uchizi anawatsatira.

"Asiyeni, amama. Lilime n'lawo."

"Lilime n'lawo, koma malilo adzakhala athu. Ndipo Ambuye akadzandifunsa kuti unaona chiyani, ndidzati ndinalibe maso?"

NyaZimba anamva kuti Lachiwiri a Mtonga akupita ku boma, ku Lundazi, kukagula masaka. M'mawa wa tsikulo anavala yunifolomu ya Umanyano, n'kukadikira pa mphambano. A Mtonga ataima kuti apereke moni, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiriyo anangokhala pa kaliyala ya njinga, n'kugwira chitsulo ndi manja onse.

"Tsikani, amama."

"Mukanditsitsa pachipatala, ndipo tikalowa tonse."

"Ndine mkulu wa mpingo ine!"

"Ndikudziwa. Palasani."

Amayi opita kuchigayo anatula matumba awo n'kuima. Kumukoka mayi wovala yunifolomu pamaso pa anthu sikukanatheka. A Mtonga anapalasa, akung'ung'udza njira yonse, NyaZimba kumbuyo akuimba nyimbo imodzimodzi kuti asawayankhe mawu oti n'kulapa pambuyo pake.

Ku boma anawatumiza ku Chipata, ndipo a ku Chipata anawapititsa ku Lusaka. Inali khansa, koma inali isanafalikire. Madokotala anadula mbali ya lilime. A Mtonga anabwerako patapita miyezi iwiri, amoyo, fodya atasiya, koma mawu akutuluka movutikira. Sanayambitsenso nyimbo.

Zikomo sananene. Chaka chathunthu sanawapatse moni NyaZimba, ndipo ankauza anthu kuti mayi ameneyu anawaphera mawu. Zimenezi zinawapweteka NyaZimba kuposa manong'onong'o a kale aja. Uchizi anawapeza tsiku lina akulira kuseri kwa nkhokwe. Komabe mwezi uliwonse, potuluka m'tchalitchi, ankaima pamaso pa a Mtonga n'kunena kuti, "Yasamani." A Mtonga ankayasama, nkhope ili gwaa, akuyang'ana kumbali.

Maso atayamba kuwavuta, NyaZimba anaphunzitsa amayi anayi a Umanyano kusiyanitsa mitundu ija, akuwakalipira akasokoneza. Amayiwo mpaka lero amanyamula tochi ndi nsalu zoyera popita kukaona odwala.

Mu Julaye 2023, masana ena atatha kusenda nshawa, NyaZimba anati m'chifuwa mwalema. Anagona pamphasa pansi pa mango, n'kupempha Uchizi awawerengere Salimo. Salimolo lisanathe anali atapita, mwakachetechete, mosiyana ndi mmene anakhalira moyo wawo wonse.

Pamaliro a Mtonga anapempha kuti alankhule. Anaimirira ndi ndodo, ndipo anthu anatchera khutu chifukwa mawu awo ndi ovuta kumva.

"Mayi uyu anandivutitsa," anatero. "Anandichititsa manyazi pa mphambano. Sanapepese ngakhale tsiku limodzi." Anapukuta kukamwa ndi mpango. "Kuchokela pamene ananditengela kuchipatala, kwathu kwabadwa adzukulu asanu ndi awili. Onse ndawanyamula ndi manja awa."

Anatembenukira ku bokosi, n'kugwada movutikira, nanena mawu othokoza amene anawasunga zaka zisanu ndi zinayi: "Yewo, amama."