Mbendera Yofiira pa Bwalo Lolakwika

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, dzina la Umtali litangosinthidwa kumene kukhala Mutare, pamene telegalamu inafika kunyumba kwathu ku Sakubva. Inachokera ku Chiradzulu. Abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, anali atadwala kwambiri, ndipo ankafuna kuona mng'ono wawo amene anasiyana naye zaka makumi atatu m'mbuyomo. Msewu wa ku Tete sunali wodalirika chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, choncho njira inali imodzi yokha: ndege ya ku Blantyre, yonyamuka ku Harare. Tikanaiphonya, tikanadikira sabata yathunthu, ndipo telegalamuyo sinalonjeze kuti wodwalayo atidikira.

Bambo anga, aPhiri, ankagwira ntchito ku njanji, yolumikiza ndi kupatula mabogi. Anali munthu wosaphonya nthawi, woyenda ndi wotchi ya m'thumba. Ananditenga ine chifukwa ndinali mwana woyamba, komanso chifukwa ndinkawerenga Chingerezi kuposa iwo. Mapepala a ulendo anatuluka m'mawa wa tsiku lonyamukalo, basi yoti itifikitse pa nthawi yake itapita kale. Atsibweni anga, amene ankaphikira mzungu wina woyendetsa kandege ka eni minda ya paini, anatipemphera malo awiri. Tinauluka pamwamba pa mapiri, ine nditagwira lamba wa mpando ndi manja onse awiri.

Kandegeko kanatera pa bwalo laling'ono kunja kwa Harare. Woyendetsayo anatsitsa sutikesi yathu, anaiika pa udzu, anatigwira chanza n'kupita. Ankaganiza kuti tikudziwa kumene tikupita.

Bambo anakhala pa benchi, anayang'ana wotchi, ndipo anamwetulira.

"Maola atatu, Naphiri. Tafika bwino. Pa jankishoni munthu sayendayenda, sitima imakupeza pomwe uli."

"Nanga sutikesi, bambo?"

"Isiye. Ali ndi anthu awo okweza katundu. Usalowerere ntchito ya eni."

Kwa munthu wa njanji, maganizo amenewa anali olongosoka. Mzinda uli ndi siteshoni imodzi, ndipo wosintha sitima amangowoloka pulatifomu. Koma ine ndinkaona zina. Ndege zonse za pamenepo zinali zazing'ono ngati imene tinabwera nayo. Panalibe wodinda mapasipoti, panalibenso apaulendo ena a katundu. Mphepo inkanunkha mafuta ndi udzu wotchetcha kumene. Ndinawerenga tikiti kawiri, ndipo dzina la bwalo lolembedwa mmenemo silinali limene linali pa chikwangwani cha pakhoma.

Ndinadziwa, koma ndinakhala chete. Kwathu mwana sankawongola mawu a bambo ake, makamaka mwana wamkazi, makamaka pagulu. Ndinadziuza kuti munthu amene wayendetsa mabogi moyo wake wonse sangasochere pa nkhani ya ulendo. Ola lathunthu linadutsa ndikuyang'ana sutikesi ija ili yokhayokha padzuwa.

Potsiriza ndinazungulira nayo nkhaniyo, monga tinkachitira ndi akuluakulu.

"Bambo, kodi ndege ya ku Malawi ingakwane pa kamsewu aka?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kamsewuko. Anandilanda tikiti, ndipo ndinawalozera mzere wake ndi chala. Sanatsutse. Anavula chipewa n'kupita kwa mwamuna wina amene ankakweza mabokosi m'galimoto ya bokosi kumbuyo. Mwamunayo, Mshona wa mawu aakulu, atangomva kalankhulidwe ka bambo anaseka mpaka kugwira bondo.

"Achimwene! Mukudikira ya ku Bhurandaya pano? Mudzamera mizu! Bwalo lanu lili kutsidya kwa tawuni."

Analankhula m'Chishona, momwe Blantyre ndi Bhurandaya, koma "achimwene", dzina lotitchulira Amalawi, analitchula mwachipongwe chimene tinachizolowera ku Sakubva. Bambo sanachilabadire. Anafunsa mafunso awiri okha: kutalika kwa ulendo, ndi ngati galimotoyo ikulowera komweko. Inkapita kukasiya mabokosi ku bwalo lalikululo. Tinakwera kumbuyo, sutikesi pakati pathu.

Tinadutsa m'minda, kenako m'misewu ya mzinda, ndipo maloboti onse ankaoneka ngati atipangana. Bambo anagwira wotchi m'dzanja osaiyang'ana.

"Unadziwa liti?" anandifunsa.

Ndinaganiza zonama, koma ndinalephera. "Titangofika."

Ndinayembekezera kukalipiridwa, ndipo sindinadziwe kuti andikalipira chifukwa cha kulankhula kapena chifukwa cha kukhala chete. Iwo analankhula modekha, mokweza pang'ono kuti apose phokoso la injini.

"Ku yadi ya sitima kwathu, mnyamata wolembedwa dzulo amapatsidwa mbendera yofiira. Akaona cholakwika pa njanji amaikweza, ndipo dalaivala wa imvi amaima. Safunsa kuti wakweza ndani. Akaimitsa pachabe timamuseka, basi. Koma akaona n'kuibisa kumbuyo chifukwa choopa akuluakulu, ameneyo timamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Wamva, Naphiri?"

"Ndamva, bambo."

"Ola lija ndataya ndine, chifukwa sindinafunse. Koma mbendera inali m'manja mwako."

Sanabwerezenso nkhaniyo, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Pa bwalo lalikulu mwamuna wa mabokosi uja, amene ankayendetsa galimotoyo, anaima penipeni pa khomo, malo osaloledwa, n'kufuula kuti, "Mhanyai, achimwene!" kutiuza kuti tithamange. Tinathamangadi, bambo atasenza sutikesi pa phewa. Mayi wolandira matikiti anali atayamba kusonkhanitsa mapepala ake. Pamzere wa mapasipoti bambo anandipatsa mafomu n'kunena momveka, anthu onse akumva, kuti, "Werenga iwe. Ukaona cholakwika unene." Tinali omaliza kukwera.

Tinawapeza abambo aakulu ali moyo. Anakhalabe ndi moyo masiku asanu ndi limodzi, ndipo abale awiriwo anawathera pa khonde, akukumbutsana mayina a anthu amene ine sindinawadziwe. Ndege yotsatira ikanatifikitsa pa maliro.

Kuyambira pamenepo ndakhala m'zipinda zambiri momwe munthu wamkulu akulankhula motsimikiza, ena onse akuyang'ana pansi. Ndazindikira kuti anthu odziwa ntchito yawo salakwa chifukwa cha umbuli. Amalakwa chifukwa chotenga lamulo loona la pa njanji n'kupita nalo pa bwalo la ndege. Munthu wotero safunika kunyozedwa, ndipo kumukhalira chete si kumulemekeza. Ndimayamba ndi funso, monga ndinachitira tsiku lija, pakuti funso limamusiyira munthu mpata wovula yekha chipewa. Chimene ndinasintha n'chimodzi: sindidikiranso ola lathunthu.