Chigafa changa si sukulu

Inu a ku ofesi ija yoona za nyumba za sukulu m'tauni, kodi mukudikira kuti khoma liyambe lagwera mwana, kenako mubwere ndi nkhata ya maluwa? Ndafunsa poyera chifukwa dzulo ndinafunsa mwaulemu, ndipo ndinabwerako ndi matope okha.

Ine ndine mlimi wa fodya kuno ku Nsaru, ndiponso ndili mu komiti ya sukulu yathu ya pulayimale. Buloko ya sitandade 3 ndinaphunziramo ine ndili kamtsikana, ndipo nthawi imeneyo inali itakalamba kale. Lero khoma lake lili ndi mng'alu woti mkono umalowa mpaka m'chigongono. Mitengo ya denga chiswe chinamaliza, malata angogwirana mwa chifundo cha Mulungu. Mphepo ya mu Disembala itaomba, khoma linapendama, ndipo abambo a m'mudzi analichirikiza ndi mphanda ya bulugamu ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko.

Sukulu itatsegulidwa, ahedi anafika kwathu chipewa chili m'manja. Anapempha kuti tiwabwereke chigafa chathu, ana aziphunziriramo kwa masabata awiri okha, a ku ofesi abwera. Ndikanakana bwanji? Mwana wanga Tiyamike ali m'kalasi lomwelo, ndipo malo ake ndi pafupi ndi mphandayo. Abambo ake anangoti, "Palibe vuto, bola fodya akakhwima atuluke."

Masabata awiri aja anabereka anzawo. Bolodi ili pa nsanamira, ana akuimba ma tebulo pansi pa mikangala yoyanikapo fodya, nkhuku zanga nazo zatsala pang'ono kudziwa kuwerenga. Tsopano tili mu Febuluwale. Fodya wakhwima, masamba a m'munsi ayamba kale kufiira m'munda, ndipo fodya sadikira munthu.

Ndiye dzulo ndinadzuka m'mamawa, kabaza mpaka pa msika wa Nsaru, minibasi mpaka m'tauni. Eyiti koloko ndinali pa khomo pa ofesi ija. Mayi wa pa desiki, maso ali pa foni, anati bwana ali ku wekishopu. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati zimatengera. Zimatengera chiyani, sananene. Ndinakhala pa benchi ya pa khonde, mvula inagwa n'kukata, ndipo ndiyamikire chinthu chimodzi: khonde lawo ndi lalikulu, silidontha ngakhale pang'ono.

Cha m'ma leveni anandilowetsa kwa wachiwiri wa bwana, bambo wa tayi yofiira, wansangala ndithu. Ndinawafotokozera zonse. Ndinawakumbutsa kuti zaka zitatu zapitazo ofesi yomweyi inatiuza kuti tiumbe njerwa ndi kututa mchenga, iwo adzabwera ndi simenti ndi malata. Tinaumba. Amayi tinasenza madzi mpaka makosi kuuma, abambo anadula mitengo ya m'malire a minda n'kuotcha uvuni. Uvuniwo ulipo mpaka lero kuseri kwa sukulu, pamwamba pamera chisoso, mkati mukukhala abuluzi osalipira lendi.

Bamboyo anamwetulira.

"Aa, mayi, njerwa zootcha tinasiyatu. Zimaononga chilengedwe. Masiku ano timamangira mabuloko a simenti."

"Nanga anatiuza kuti tiotche ndani, bwana?"

"Amenewo anasamutsidwa."

Mwamva, eti? Munthu anasamutsidwa, mawu ake n'kusamuka naye. Mitengo yathu yokha ndi imene sinabwerere.

Ndinanena kuti chabwino, za njerwa tizisiye, tikambe za khoma. Anandifunsa kuti pakali pano ana akuphunzirira kuti. Ine, mwa uchitsiru wanga, ndinayankha monyadira kuti m'chigafa changa. Nkhope yawo inawala ngati ndawabweretsera nkhuku.

"Ndiye kuti ali ndi pokhala! Mwachita bwino kwambiri, mayi. Ife timayamba ndi sukulu zimene ana ali pansi pa mtengo. Inuyo vuto lanu si ladzidzidzi."

Ndinadzifunsa ngati ndamva bwino. Chifundo changa chomwe ndi chimene chatibweza kumbuyo kwa mzere. Ndikanawasiya ana anyowe pansi pa mango, bwenzi tili patsogolo. Zinandiwawa, sindinama, ndipo zikundiwawabe.

Ndinawauza kuti chigafa ndi cha fodya, ndipo fodyayo ndiye chakudya, sopo ndi yunifolomu ya Tiyamike yemweyo. Akaolera m'munda, chaka chonse chapita. Anati akumvetsa. Anati adzatumiza munthu kuti adzaone khomalo, koma mvula ikatha, chifukwa msewu wa kwathu galimoto ya ofesi singadutse. Ndinafunsa kuti nanga ine ndadutsa pati, ndauluka? Anaseka, n'kuyang'ana wotchi, n'kunena kuti nthawi ya nkhomaliro yakwana.

Ndionetsetse anathetsa nkhosa, bwana. Mng'alu umene ana a zaka zisanu ndi zitatu amaponyerana mpira kudzera momwemo ukufunanso katswiri wodzauona?

Nditafika kunyumba ndinapeza abambo a Tiya anola kale singano zosokera fodya. Sanandifunse zambiri, nkhope yanga inawauza. Ahedi nawo ati chigafa chikatsekedwa alibe kwina, ana abwerera mu buloko ija. Tiyamike anamva zimenezi ali pa khomo, ndipo anandifunsa kuti, "Amayi, ndikakhalenso pa mphanda paja?"

Ayi, sakakhalapo. Ndipo fodya wanganso saolera m'munda.

Tsono inu a ku ofesi, mverani bwino. Muli ndi masiku otsala a sabata ino kuti mubwere, kaya pa kabaza ngati ine, mudzatiuze tsiku limene buloko yatsopano iyambe kumangidwa ndi kumene ana akhale podikira. Lolemba m'mawa fodya akulowa m'chigafa. Mukapanda kubwera, makolo tagwirizana kale: tikweza sitandade 3 yonse pa lole ya fodya, bolodi ndi aphunzitsi omwe. Khonde lanu lija ndaliona, ana onse akwanapo, ndipo Tiyamike ndikamukhazika pafupi ndi chitseko chanu.