Zimbale Ziwiri, Filimu Imodzi

Ndikukumbukira chaka chimene anandichotsa kwathu ku Chileka kuti ndikakhale ndi azakhali ku Lirangwe. Ndinali nditangolowa Sitandade 6. Amuna awo a azakhali anali aphunzitsi, nyumba yawo inali ya magetsi, ndipo amayi ankati kumeneko ndikaphunzira bwino kusiyana n'kumangothamangitsana ndi mbuzi. Ine sindinkadziwa kukana. Ndinapinda malaya anga n'kukwera minibasi.

Amene sanandikhululukire anali mchemwali wanga wamng'ono, Tadala. Tinakula tikudyera mbale imodzi, ngakhale chigumu tinkachita kubenthulirana. Tsiku lonyamuka anakabisala kuseri kwa khola. Nditapita kukacheza kwathu koyamba, anandipatsa madzi akumwa ngati mlendo, maso ali pansi. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Amayi ankangoseka, amvekere, "Musiye, n'chibwana chimenecho, chidzamuthera." Koma ine ndinkabwerera ku Lirangwe osakhulupirira zimenezo. Ndinkaopa kuti mwanayo wandichotsa mumtima mpaka kalekale.

Kwa azakhali ndinkakhala mosamala ngati munthu wosenza mtsuko wa eni ake. Chimene chinkandimasula pang'ono chinali Lamulungu masana. Tikabwera kutchalitchi, azakhali ankavundukula kansalu koluka pa makina a dividi, tonse n'kukhala chete kuonera filimu.

Tsiku lina lamsika azakhali ananditenga kuti ndikawanyamulire dengu. Kunali fumbi, fungo la tchipisi cha pachiwaya, ndi phokoso la anyamata oitanira minibasi. Chakumapeto kwa msika kunali bambo wina dzina lake a Bwanali, amene ankayala zimbale za mafilimu pa saka, zithunzi zake zitafwifwa ndi dzuwa. Azakhali anasankha filimu ya ku Nigeria ya mtsikana wamasiye amene ankafunafuna mayi ake omubereka. M'kathumba mwake munali zimbale ziwiri. Tonse tinadziwa tanthauzo lake popanda kufunsa, chifukwa mafilimu amenewo ankabwera choncho: gawo loyamba ndi gawo lachiwiri.

Chimbale choyamba chinatiliza. Ngakhale aphunzitsi ankachita dala kutsokomola pobisa misozi. Chitatha, azakhali anatereka tiyi, akuti gawo lachiwiri sitingalionere kukhosi kuli gwa. Tinaika chinacho. Panabwera nyimbo yomwe ija, mtsikana yemwe uja, akusesa bwalo lomwe lija, kungoti zithunzi zinali ngati zakutidwa ndi nkhungu.

"Dikirani," anatero aphunzitsi. "Akutikumbutsa kaye za m'mbuyo."

Tinadikira. Tiyi anazizira tikukumbutsidwabe. Kenaka azakhali anadzuka n'kukutumula chitenje. "Watibera ameneyu. Watigulitsa chinthu chimodzi kawiri."

Msika wotsatira tinapitanso, ine pambuyo ndi dengu langa, ndikuchita manyazi ngati wolakwa ndine. A Bwanali atamva dandaulo anaseka mpaka kugwira bondo.

"Mayi, sindinakubereni ayi. Ichi n'cha dividi, ichi n'cha visidi. M'midzi muno anthu ambiri akadali ndi makina akale aja ochokera ku Joni, dividi amailavula. Ndiye ndimaphatikiza. Kaya muli ndi makina otani, kwanu filimu ioneka basi. Chinacho mumapatsa achibale."

"Nanga osanena bwanji?"

"Inunso mayi, osafunsa bwanji?"

Apo ndinakumbukira kanthu. Kwathu ku Chileka kunali makina akale oterowo, amene amalume anatisiyira, oyendera batire la galimoto. Ankangokhala pakona chifukwa zimbale zake zinayamba kusowa. Ndinasendera kufupi ndi azakhali.

"Azakhali, kwathu kuja..."

"Tayankhula mokweza mwana iwe, sindiluma."

Ndinafotokoza za makina akale aja. Iwo anaika chimbale chija m'thumba la malaya anga n'kusisita pamwamba pake.

Ndinapita nacho kwathu Loweruka, koma ndinapeza batire lapita kotchajitsa. Ndinachipereka kwa Tadala ndi manja awiri. Sanachilandire. Ndinachisiya pawindo n'kubwerera, ndikudziuza kuti basi, zakanika.

Panapita masabata ndisanapitenso. Inali nthawi yokolola mtedza. Nditatsika pa kabaza, ndinaona kamunthu kataima pamphambano, mapazi ali mbuu. Anali Tadala. Sanandipatse moni n'komwe. Anangondikoka dzanja.

"Achimwene, anawapeza amayi ake kapena ayi?"

Kenaka zinadziwika kuti chimbale chakale chija sichinkakwana filimu yonse. Chinkathera pamene mtsikana uja wafika pageti la nyumba ina, wakweza dzanja kuti agogode. Amayi anati Tadala anachibwereza mpaka batire kutha, akuganiza kuti mwina ulendo wina geti litseguka. Munthu yekhayo amene ankamudziwa kuti anaona mathero ndinali ine.

Tinakhala pakhonde tikuswa mtedza, ine ndikufotokoza. Sindinafulumire. Ndinalongosola kulira kwa geti, mtundu wa duku la mayi amene anatsegula, ngakhale galu amene sindikukhulupirira kuti analimo. Tadala ankandidula pakamwa, "Mukunama achimwene!" kenaka, "Ndiye zinatani?" Pofika pamene mayi ndi mwana anakumbatirana, iye anali atatsamira phewa langa, akundiika mtedza m'manja wosenda kale.

Kuchokera pamenepo azakhali sankagulanso kwina koma kwa a Bwanali, ndipo chimbale chachiwiri sankachiyesa n'komwe. Chinkangolowa m'thumba langa.

Masiku ano pamalo pamene a Bwanali ankayala saka paja pali kashopu kolowetsa mafilimu m'mafoni. Amabwera athunthu, owala bwino, ambirimbiri m'kamemore kochepa ngati chikhadabo. N'zabwino ndithu, sindikudandaula. Kungoti ndikaona ana a Tadala, aliyense ali pakona yake, maso pafoni, timawaya m'makutu, ndimawamvera kachisoni pang'ono. Filimu ikatha amangozimitsa. Palibe amene amakaima pamphambano kudikira mbale wake kuti adzamuuze ngati geti linatseguka.