Nkhukundembo ya a Medson

A Medson Kathumba a ku Ntcheu anafika ku Hamilton, mzinda wa m'chigawo cha Ontario kutsidya kwa nyanja, mu 1965 kudzaphunzira ntchito yojambula mafupa, ndipo anakhazikika pa chipatala china mumzindamo. Anali munthu wa mawu ochepa, wa jekete imodzimodziyo chaka chonse. Mowa ayi, fodya ayi, mpira sankaudziwa n'komwe. Chowazunguza mutu chinali chimodzi basi: nkhukundembo zakutchire.

Anawaphunzitsa ulenjewu ndi mzungu woyandikana naye nyumba, wogwira ntchito kufakitale ya zitsulo. Ku Ontario mbalamezi zinali zitatha kalekale, choncho Meyi aliyense awiriwa ankawoloka malire pa Niagara kupita kumapiri a New York. Zaka zisanu ndi chimodzi a Medson ankabwerako chimanjamanja. Akazi awo, mayi Zelipa, akangomva galimoto pakhomo ankakuwira mwana wawo: "Hilda, alenje afika! Tulutsa nkhuku mufiriji."

Mu 1977 matenda a shuga anawapanikiza a Medson, mzungu uja n'kuti atasamuka. Anapangana ndi mayi Zelipa kuti ulendo uno ndi womaliza, akabwerako mfuti ichoke m'nyumba. Ndiye anatenga ine Wyson, bambo wa zaka makumi atatu wophunzira pa yunivesite, amene nyama yaikulu yomwe ndinali nditaphapo inali mbewa. Anandithamangitsa ndi za laisensi, n'kundiwombetsa zitini mwezi wathunthu. Galimoto ndinayendetsa ndine.

"A Wyson, uku si kuuzimba kwathu kokuwa ndi agalu," anatero titafika. "Kuno mukhala pansi, msana pamtengo. Musamuve, musagwedezeke n'komwe. Udzudzu ukakulumani, usiyeni udye."

Kutangocha tinakhala mogundizana mapewa patsinde la mtengo umodzi. Iwo anatulutsa kabokosi kathabwa n'kumakwecha chivindikiro chake kuti kalire ngati thadzi. Ola loyamba kunali zii. Miyendo inachita dzanzi, ndipo mumtima ndinayamba kuwatukwana akuluwa, Mulungu andikhululukire. Kenaka kumtunda tambala wa nkhukundembo anayankha. A Medson anakwechanso pang'ono, n'kusiya.

Tambala uja anatulukira m'zitsamba akudzikoka ngati mkwati, mchira utatambasuka ngati lichero, ndevu zikulendewera pachifuwa. Anaima patsogolo pathu penipeni, poti ngakhale mwala ukanafika. Mfuti yanga inali kale pabondo, italoza pakhosi pake.

Sindinawombere. Ine ndinakulira pakhomo pomwe mwana sapisa dzanja m'mbale bambo asanayambe. Munthu wamkulu wadikira zaka zonsezi, lero ndi tsiku lake lomaliza, ndiye ine wobwera dzulodzuloli ndimulande? Ndinatembenuza mutu n'kunong'ona: "Yambani ndinu, achimwene."

Nkhukundembo imaona ngakhale kuphethira kwa diso. Inangoti khosi njo, kenaka liwiro la mtondo wadooka, osaonekanso.

A Medson anatembenukira kwa ine. "Mwaisiyiranji?"

"Ndimasiyira inu."

Anatsegula mfuti yawo n'kundionetsa. Munalibe chipolopolo.

"Chiyambire Khirisimasi, kupitirira pamwala apo ndimangoona utsi," anatero. "Yanga inali kuitana. Yanu inali kushuta."

Ndinapsa mtima kwambiri, mpaka ndinaiwala ulemu womwe unali utangotilanda ndiwo. "Nanga osandiuza bwanji? Mwezi wonse wa zitini uja, pakamwa panali potseka?"

"Ngakhale alamu anu sindinawauze. Ndiyambire inu?"

Mkwiyo unatha, kunatsala chisoni, ndipo chisoni chimenecho ndikadali nacho. Iwo anachita manyazi kunena, ine ndinachita manyazi kuyamba, mbalame n'kupita.

Tinadikirabe mpaka masana, nthawi yomwe lamulo linkati alenje atuluke m'tchire. A Medson anakwecha kabokosi kawo mpaka dzanja kutopa, koma palibe chinayankha. Potsika phiri anandigwira phewa kuti asapunthwe pamizu. Tinayenda choncho mpaka galimoto inayamba kuonekera kumunsi. Apo anaima.

"Tandiuzani, a Wyson. Inali yaikulu bwanji? Muyambire kumutu, ndipo musathamange."