Makompyuta a ku Joni Ndinawakonzera Padoko la ku Chilwa

Ndinatsimikiza zopita ku Joni tsiku limene ndinayenda ulendo wochokera ku Limbe mpaka ku Mulanje kukangolumikiza chingwe chimodzi. Nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza maphunziro, ndikugwira ntchito pa kakampani kokonza makompyuta a m'maofesi. A ofesi ina ya ku Mulanjeko anaimba foni kuti kompyuta yawo yafa. Ndinakwera minibasi, kutsika, kukweranso ina, kufika thukuta lili kamukamu, n'kupeza kuti wosesa anakola chingwe ndi tsache. Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo, miyendo itapanikizika ndi matumba a nanazi, n'kutsegula uthenga wa mnzanga wa kusukulu amene ankandiuza kawirikawiri kuti kampani yawo ku Joni ikufuna munthu. Ndinangomuyankha kuti, "Ndikubwera basi."

Loweruka lake ndinapita kwathu kwa Jenala kukatsanzika. Mayi ndinawapeza akuyanika makaka pamkeka.

"Rozina mwanaka," anatero, "makompyuta a kuno atha kuwonongeka kuti ukasake a ku Joni?"

"Sanathe amayi, koma a kumeneko amalipira bwino."

Anaseka, kenaka analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi jumbo la nandolo ndi matemba. Sanandiletse. Anangoti ndizidya, chifukwa anamva kuti atsikana akumeneko amadziwondetsa dala.

Kampani yomwe inandilemba inkasamalira makompyuta a masitolo ogulitsa zipangizo zomangira, omwazikana m'matauni ambirimbiri. A pakauntala, olipirirapo makasitomala, anali a Windows. Akumbuyo, osunga mndandanda wa katundu, anali a Linux. Onse pamodzi ankapitirira mazana atatu. Tsiku loyamba ndinafunsa bwana wanga, mayi Dlamini, kuti galimoto yoyendera m'masitolomo ili kuti. Iwo anandilozera mpando.

"Galimoto yako ndi imeneyo," anatero m'Chingerezi. "Kuno sitipita kwa kompyuta. Timangoilembera."

Poyamba ndinayesa nthabwala. Koma anandionetsa pulogalamu imodzi yomwe inkagwira ntchito yonseyo. Mufayilo imodzi umalembamo mmene kompyuta iyenera kukhalira: mapulogalamu akutiakuti akhalemo, wantchito wakuti aloledwe kulowa, amene anasiya ntchito achotsedwe. Mufayilo ina mumakhala mayina a makompyuta onse m'magulumagulu. Ukadina batani, pulogalamuyo imalowa m'kompyuta iliyonse kudzera pa intaneti. Ya Windows imayankhula nayo m'njira yake, ya Linux m'njira yakenso, koma iwe walemba kamodzi kokha. Ikapeza zonse zili m'malo sikhudza kanthu, imangolemba mzere wobiriwira. Ikasintha kanthu mzerewo umakhala wachikasu, ikalephera umakhala wofiira.

Lamulo la mayi Dlamini linali lakuti chatsopano chilichonse uyambe wachiyesa pa makompyuta asanu. Ine mwezi wachiwiri ndinasokoneza dzina la gulu. Ndinkayesa mawu olembedwa kumunsi kwa lisiti, ndipo m'mawa wonse masitolo onse ankapatsa makasitomala malisiti olembedwa m'Chichewa kuti, "Zikomo kwambiri, pitani bwino." Ndinayamba kuganiza za basi yobwerera. Mayi Dlamini anafunsa tanthauzo lake, nditawauza anaseka mpaka kupukuta misozi. Tinabweza mawu akale pa mphindi zochepa chabe, koma kuyambira pamenepo aliyense muofesi akamaweruka ankanditsanzika kuti "pitani bwino".

Zosekazo zinkathera kuntchito. Ndinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni, ndipo mu June ndinkagona nditavala jekete. Tsiku lathunthu ndinkalankhula ndi makompyuta mazanamazana, koma Lamlungu linkatha popanda munthu wondifunsa kuti ndadzuka bwanji. Nthawi zina kukamveka kuti alendo akuthamangitsidwa kwinakwake, m'takisi ndinkakhala duu kuopa kuti lilime lindiulula. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Zinafolera nyumba ya mayi ndi malata, zinagula feteleza, ndipo sindibisa, kumva kuti denga silikudonthanso kunkandipatsa mphamvu yodzuka m'chisanu. Koma pa foni mayi sankakamba za malata. Ankandiuza za amene wabereka, amene wakwatiwa, ndi mbuzi yomwe yadya chinangwa cha aneba. Ndikayesa kuwafotokozera ntchito yanga ankadabwa.

"Ndiye kuti umakonza chinthu chili ku tauni ina, osachiona, osachigwira? Usamanene zimenezi pagulu mwanaka, anthu angakuganizire zina."

M'chaka chachisanu ndi chiwiri kampani inachepetsa maofesi, ambirife tinauzidwa kuti tizigwirira kunyumba. Ndinakhala miyezi iwiri m'kachipinda kaja, ine ndi laputopu basi. Tsiku lina ndikukonza makompyuta a ku Durban ndinadzifunsa kuti, ngati ndikuwafikira ndili kuno, angandikanire chiyani ndili ku Phalombe? Ngakhale nthawi ya pa wotchi ndi imodzimodzi. Nditawapempha mayi Dlamini kuti ndizikagwirira ntchito kwathu, anaganiza masiku atatu asanandiyankhe.

"Ndikupatsa mwezi umodzi woyesa. Ntchito imodzi yokha ikaphonyeka chifukwa cha komwe uli, ubwerera kuno kapena tilemba wina."

Ndinafika kwathu mu February, chimanga chitamasula. Masabata awiri oyamba zinayenda ngati maloto. Laputopu ndinkakatchajitsa pa tiledingi senta, netiweki inkagwira bwino pakhonde, ndipo ndinkagwira ntchito kwinaku ndikukukuta chimanga chootcha. Sabata yachitatu inabwera ndi ntchito yaikulu. Banki inasintha kiyi yachitetezo yomwe makompyuta a pakauntala amagwiritsa ntchito polandira makhadi, ndipo yakaleyo inali yoti isiya kugwira Loweruka 12 koloko masana. Kiyi yatsopanoyo inkayenera kulowa m'makompyuta onse, a Windows ndi a Linux omwe. Lachinayi ndinaiyesa pa asanu, zinatheka. Ndinakonza zotumiza kwa otsalawo Lachisanu.

Lachinayi lomwelo kunayamba chimvula chosalekeza. Magetsi anazima dera lonse, Lachisanu netiweki nayo inathawa. Ndinazungulira mudzi foni ili m'mwamba, kukwera pachulu, osaphula kanthu. Loweruka m'mawa ndinati ndithamangire ku Boma, koma akabaza anandiuza kuti madzi akudutsa pamwamba pa kamlatho ndipo palibe akuwoloka. Batire ya laputopu inali itatsala pang'ono. Ndinakhala pakhonde manja ali m'masaya, ndikuona kachipinda kozizira kaja m'maganizo.

Apo n'kuti amalume anga, a Mukhito, akudutsa ndi njinga yawo ya dengu. Iwowa ndi mchimwene wa mayi, ndipo amagula nsomba kunyanja ya Chilwa n'kumatumiza ku Limbe. Mayi ndi amene anawafotokozera vutolo.

"Netiweki basi?" anatero amalume. "Iwe, kudoko siithawa. Ya kuno ikafa timagwira ya kutsidya, ya ku Zomba. Ukuganiza kuti mitengo ya ku Limbe timaidziwa bwanji? Kutira chinthu chakocho mupulasitiki, tiye."

Anatsitsa dengu, ine n'kukhala pakaliyala. Ulendowo theka tinakwera, theka tinkakankha. Matope a m'dambo anandivula nsapato imodzi, ndinaifukula ndi dzanja. Azimayi omwe anali m'minda ya mpunga ankafunsa kuti kodi kwagwanji, amalume n'kumayankha mokweza kuti, "Tikukakonza masitolo a ku Joni!" Tinafika kudoko itangodutsa 10 koloko, ndipo foni inayamba kulira mauthenga ngati yapenga. Asanu anali a mayi Dlamini.

Padokopo pali kanyumba ka bango kometera tsitsi ka a Fulaye, kokhala ndi sola padenga. Tinawapeza akumeta msodzi wina, mbali imodzi atamaliza. Amalume atanena vuto langa, a Fulaye anayang'ana batire yawo, n'kuyang'ana kumwamba komwe kunali mitambo yokhayokha.

"Moto ulipo wochepa, mayi. Sungakwanire makina ometera ndi chanucho pamodzi."

Msodzi uja anadziyang'ana pagalasi. "Zimitsani a Fulaye. Tsitsi silithawa, mbali inayo mudzamaliza."

Ndinakhala pa benchi, laputopu pamiyendo, foni amalume ataigwira m'mwamba pakhomo pomwe amati imakoka bwino. Ndinadina batani. Mizere inayamba kutsika, yachikasu yokhayokha, kusonyeza kuti kiyi ikulowa. Anthu anayamba kuunjikana: asodzi, azimayi owamba milamba, ogula nsomba. Ndinawauza tanthauzo la mitunduyo, ndipo msodzi wometedwa theka uja anadzipatsa ntchito yolengeza.

"Yachikasu! Yachikasu ina! Eee, yofiira iyo!"

Tili pakati, netiweki inaduka. Mizere yofiira inatsika mulu, ndipo gulu lonse linati "aaa" ngati timu yaphonya penate. Amalume anatsitsa mkono, nkhope itagwa.

"Ndiye kuti zonse zija zawonongeka? Tiyambirenso?"

"Ayi amalume. Ndikadinanso pulogalamuyi iona yokha. Omwe alandira kale iwadumpha, ingopatsa otsalawo."

"Ndiye kuti ili ndi nzeru kuposa anyamata anga opakira," anatero, n'kukwera pa bwato lovundikira kuti foni ikwere kwambiri.

Ndinadinanso. Ulendo uno inayamba ndi yobiriwira yambirimbiri, kenaka yachikasu. Pamapeto panatsala yofiira inayi, yonse ya sitolo imodzi. Ndinaimbira woyang'anira sitoloyo, ndipo anandiuza kuti kwawoko magetsi anazima, akuyatsa jenereta. Nditamasulira anthu aja zimenezi, doko lonse linafa nalo phwete.

"Ku Joni nakonso amazima?" anafunsa a Fulaye. "Nanga anthu mumathamangirako chiyani?"

Itatsala pang'ono kukwana hafu pasiti leveni ndinadina kachitatu, ndipo panalibenso chofiira. Mayi wina anaimba nthungululu. Ndinatumizira mayi Dlamini zotsatira zake pamodzi ndi chithunzi cha msodzi uja akuseka ndi mutu wake wa mbali imodzi. Anayankha kuti ndisadzadikirenso tsiku lomaliza, ndigule sola yangayanga, ndipo ndimuthokozere bamboyo. Mwezi utatha sanatchulenso zobwerera.

Sola ndinagula. Lero ndimagwirira ntchito m'chipinda chakumaso m'nyumba ya mayi, ndipo pa fayilo ina yangayanga ndinalembapo makompyuta asanu ndi anayi a kuno: a kusekondale ina ya kufupi, ndi awiri a gulu la alimi a mpunga, amene mlembi wake anali padoko tsiku lija akugula matemba. Amenewa ndimawasamalira Loweruka masana.

Pochoka ndinkaona ngati kwathu ndi malo ongodikira thandizo, ndipo zaka zonse zija ndinkadziyesa ndine ndanyamula mudzi. Ndinadzapeza amalume akuyendetsa malonda a ku Limbe ali chiimire m'matope, ometa tsitsi akudziwa za mabatire kuposa ine, ndi anthu oti vuto la munthu mmodzi amalisandutsa lawo asanafunse n'komwe kuti apindulapo chiyani. Ku Joni intaneti ikavuta ndinkaimba foni, kupatsidwa nambala, n'kudikira ndekha. Kuno ndikangotulukira pakhonde n'kunena kuti netiweki yathawa, njinga zitatu zimaima pabwalo, eni ake n'kuyamba kukangana kuti andinyamule ndani.